Daniel Jones, Katswiri wa Katchulidwe ka Mawu

Aliyense amene anatsegulapo buku lotanthauzira mawu a Chingerezi anaonamo timalembo tachilendo toikidwa pambali pa mawu alionse, tina tozondoka, tina tokhala ngati tathyoka msana. Ana a sukulu ambiri amangotilumpha pothamangira tanthauzo, ndipo ngakhale aphunzitsi ena satilabadira. Komatu timalemboto ndi timene timauza wowerenga m'mene mawuwo amatchulidwira. Mwa anthu amene anagwira ntchito yotifalitsa, ndiponso yosandutsa katchulidwe ka mawu kukhala phunziro loima palokha, ndi ochepa amene angafanane ndi Daniel Jones wa ku England. Munthu ameneyu anatha zaka 60 akumvetsera m'mene anthu amalankhulira, ndipo chimene anapeza n'chofunika kwa mphunzitsi ndi wophunzira yemwe. Anapeza kuti kusiyana kwa katchulidwe kuli ndi zifukwa zake zodziwika bwino, zimene munthu angazifotokoze popanda kunyoza wolankhulayo.

Ubwana ndi maphunziro

Daniel Jones anabadwira mu mzinda wa London pa 12 Seputembala 1881, m'banja lopeza bwino. Bambo ake anali loya, ndipo njira imene inakonzedwera mwanayo inali yomweyo ya zamalamulo. Anaphunzira masamu ku King's College, ku yunivesite ya Cambridge, kumene anatenga digiri m'chaka cha 1903. Pambuyo pake anawerenga zamalamulo, ndipo mu 1907 analoledwa kugwira ntchito ya uloya. Koma ntchitoyo sanaigwire, pakuti mtima wake unali utapita kale kwina.

Chimene chinamutembenuza chinachitika mu 1900, pamene anapita ku Marburg m'dziko la Germany kukaphunzira Chijeremani pa sukulu ya William Tilly, mphunzitsi wobadwira ku Australia. Tilly ankayamba ndi makutu ndi lilime, galamala n'kumabwera pambuyo. Wophunzira ankauzidwa pamene lilime liyenera kukhudza ndi m'mene milomo iyenera kukhalira, ndipo ankabwereza liwu limodzi kufikira litamveka monga la eni chinenero. Kumeneko Jones anazindikira kuti ali ndi khutu lakuthwa, ndiponso kuti kutchula chinenero chachilendo ndi luso limene lingaphunzitsidwe monga m'mene mmisiri amaphunzitsira mwana kugwira sompho.

M'zaka za 1905 ndi 1906 anali ku Paris, kuphunzira kwa Paul Passy. Passy ndiye anatsogolera kuyambitsa, mu 1886, bungwe la aphunzitsi a zinenero limene pambuyo pake linatchedwa International Phonetic Association. Bungweli linakonza alifabeti imene lamulo lake ndi lakuti lembo limodzi liziimira liwu limodzi m'chinenero chilichonse cha pa dziko lapansi, ndipo ndiyo gwero la timalembo tija ta m'mabuku otanthauzira mawu. Ubwenzi wa anthu awiriwa unasanduka chibale mu 1911, pamene Jones anakwatira Cyrille Motte, mbale wake wa Passy. Jones anaphunziranso kwa Henry Sweet, amene pa nthawiyo ndiye anali katswiri wamkulu wa phunziroli ku England.

Mu 1907 anayamba kuphunzitsa fonetiki, ndilo phunziro la maliwu a kalankhulidwe, ku University College London. Mu 1912 anakhala mkulu wa nthambi ya phunziroli, ndipo mu 1921 anakwezedwa kukhala pulofesa. Anakhala pa koleji yomweyo kufikira anapuma pa ntchito.

Zochitika m'kamwa

Maziko a chiphunzitso cha Jones anali akuti liwu lililonse limapangidwa ndi ziwalo zimene zingathe kuonedwa kapena kuyesedwa. Mpweya umachoka m'mapapo, n'kudutsa pakholingo, pamene pali timinofu tiwiri timene nthawi zina timanjenjemera ndipo nthawi zina timangotseguka. Kenaka lilime, milomo, mano ndi mphuno zimaumba mpweyawo kukhala maliwu osiyanasiyana. Munthu akaika chala pakhosi pake n'kutchula s motalikitsa, kenaka z, amamva pakhosipo pakunjenjemera pa z koma pali zii pa s, ngakhale kuti lilime silinasunthe. Pofuna kudziwa pamene lilime limakhudza, akatswiri a nthawi imeneyo ankavala m'kamwa kachipangizo kopyapyala kowazidwa ufa wa choko. Akatchula liwu limodzi n'kukavula, malo amene lilime lafufuta ufawo ankaonekera poyera.

Chovuta kwambiri chinali maliwu amene amalembedwa ndi a, e, i, o, u, amene aphunzitsi amawatcha malembo a liwu kapena mavawelo. Potchula mavawelo lilime silitseka njira ya mpweya, choncho palibe malo enieni amene munthu angaloze. Jones anathetsa vutoli pokhazikitsa mavawelo 8 oyezera. Loyamba limatchulidwa lilime litakwera pamwamba ndi kutsogolo kufikira pamapeto, lina limatchulidwa lilime litatsika pansi ndi kubwerera kumbuyo kufikira pamapeto, ndipo otsalawo anawaika pa mitunda yofanana potsata m'mene amamvekera. Mavawelowa si a chinenero chilichonse. Ntchito yawo ikufanana ndi ya miyala ya mamailosi m'mbali mwa msewu, imene simudzi wa munthu aliyense koma imathandiza kunena pamene mudzi uli. Motero katswiri wa ku Japan angathe kuuza mnzake wa ku Nigeria kuti vawelo lakutilakuti lili pakati pa lachiwiri ndi lachitatu, ndipo awiriwo amvana.

Mu 1917 Jones anajambula mavawelowa pa chimbale cha galamafoni. Chaka chomwecho anajambulitsa m'kamwa mwake ndi makina a X-ray, ataika kaunyolo ka mtovu pa lilime kuti malo a lilimelo aoneke pa chithunzi. Mu 1918 linatuluka buku lake lotchedwa An Outline of English Phonetics, limene kwa zaka zambiri aphunzitsi a Chingerezi m'maiko ochuluka ankalidalira. M'kalasi mwake ankalakatula mawu ongopeka, opanda tanthauzo, kuti ophunzira awalembe ndi timalembo ta fonetiki. Cholinga chake chinali chakuti wophunzira alembe chimene wamvadi, osati chimene akuganiza kuti anayenera kumva.

Kukumana ndi Sol Plaatje

Jones sankaphunzira chinenero m'mabuku okha. Ankafuna mwini chinenero, n'kukhala naye masiku ambiri, kumupempha kuti atchule mawu amodzi mobwerezabwereza, iye akuyesa kutsanzira kufikira mwiniwakeyo atavomereza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwa njira imeneyi anafufuza Chindau cha ku Zimbabwe ndi Mozambique, Chikantoni cha kumwera kwa China, Chisinhala cha ku Sri Lanka ndi Chirasha.

Mwa onse amene anagwira nawo ntchito, amene anamutsegula maso kwambiri anali Solomon Plaatje wa ku South Africa. Plaatje anali mtolankhani ndi womasulira, ndiponso mlembi wamkulu woyamba wa chipani chimene pambuyo pake chinatchedwa African National Congress. Anafika ku England mu 1914 pamodzi ndi nthumwi zodzadandaula za lamulo la malo la 1913, limene linaletsa anthu akuda kugula malo m'gawo lalikulu la dziko lawo. Madandaulowo sanamveke, nkhondo yaikulu inabuka, ndipo Plaatje anatsalira ku London ali ndi ndalama zochepa. M'masiku amenewo anakumana ndi Jones, ndipo awiriwa anayamba kusanthula Chitswana, chinenero cha Plaatje. Buku lawo, A Sechuana Reader, linasindikizidwa mu 1916 lili ndi maina a onse awiri.

Amishonale anali atalemba Chitswana kwa zaka zambiri, koma kalembedwe kawo sikankasonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene m'Chitswana kumasintha tanthauzo. Wolankhula Chichewa sangadabwe nazo, pakuti amadziwa kuti mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika amalembedwa chimodzimodzi koma satchulidwa mofanana, monganso khungu la pathupi ndi khungu la kusaona. Jones ndi Plaatje anaika zizindikiro za kukwera ndi kutsikaku m'buku lawo. Jones anazindikiranso kuti nthawi zina liwu lokwera limatsikako pang'ono, ndipo okwera otsatira amayambira pamenepo osabwereranso pamwamba, monga munthu wotsika makwerero. Khalidwe limeneli linadzapezekanso m'zinenero zambiri za mu Africa.

Banja la maliwu

Pofotokoza za Chitswana mu 1917, Jones anagwiritsa ntchito mawu akuti fonimu, amene anawatenga kwa akatswiri a ku Poland ndi Russia. Kwa iye fonimu inali banja la maliwu ofananako amene eni chinenero amawamva ngati liwu limodzi. Mfundo imeneyi ndiyo imamasula chinsinsi chachikulu cha kusiyana kwa katchulidwe, pakuti chinenero chilichonse chimagawa maliwu m'mabanja mwa njira yakeyake.

M'Chichewa, l ndi r ndi a banja limodzi. Wina anena mbiri, wina mbili, tanthauzo silisintha, ndipo lamulo la kalembedwe ndilo limasankha lembo, kawirikawiri r pambuyo pa e kapena i. M'Chingerezi maliwu awiriwa ndi a mabanja osiyana, kotero kuti glass ndi grass, kapena play ndi pray, ndi mawu osiyana kotheratu. Mwana wa Mchewa akasokoneza mawu amenewa, chimene chachitika n'chakuti khutu lake likutsata malamulo a chinenero chimene anayamwira. Mngerezi nayenso ali ndi pake popunthwira. Potchula pin amatulutsa kampweya pambuyo pa p, koma potchula spin satulutsa, ndipo iye mwini sadziwa kuti watchula maliwu awiri. Tsono akamva Mchewa akunena panga ndi phanga, kapena pala ndi phala, amangomva mawu amodzi. Onse awiri ndi ogontha ku malire amene chinenero chawo sichinaike.

Pa mavawelo kusiyanaku n'kwakukulu. Chichewa chili ndi mavawelo 5, pamene m'Chingerezi chimene Jones anafotokoza anawerengamo 12, kuwonjezera pa ena amene amayambira pa vawelo lina n'kuthera pa lina. N'chifukwa chake ship ndi sheep, kapena hat, hut ndi heart, amamveka ofanana kwa wophunzira watsopano. Ndiponso phatikizo la Chichewa limathera pa vawelo, motero school anasanduka sukulu, book anasanduka buku, ndipo table anasanduka tebulo. Mankhwala amene Jones anapereka anali akuti mphunzitsi ayambe waphunzitsa khutu kumva kusiyanako, kenaka asonyeze wophunzira pamene lilime liyenera kukhala. Kukalipira mwana kuti abwereze liwu limene sakulimva n'kutaya nthawi.

Chifukwa chake eni chinenero amasiyana

Ngakhale pakati pa anthu a chinenero chimodzi katchulidwe sikafanana, ndipo zifukwa zake zilipo zingapo. Choyamba ndi dera. Munthu wa kumwera kwa England amatalikitsa vawelo la m'mawu akuti bath, pamene wa kumpoto amalifupikitsa. Wa ku London satchula r wa kumapeto kwa car, koma wa ku Scotland, wa ku Ireland ndi ambiri a ku America amamutchula. Zoterezi zilinso pakati pa olankhula Chichewa, pamene ena amati vuto ena bvuto, ena kubzala ena kudzala, ndipo ena amasiyanitsa ŵ ndi w pamene ena sasiyanitsa.

Chachiwiri ndi nthawi. Kalekale Angerezi ankatchula k wa m'mawu akuti knee ndi knife, ndipo gh wa mu night anali ndi liwu lake la kukhosi. Makina osindikizira atafika ku England mu 1476, kalembedwe kanayamba kukhazikika, koma pakamwa pa anthu panapitirira kusintha. Kusagwirizana kwa kalembedwe ndi katchulidwe kumene kumasautsa ophunzira a Chingerezi kunachokera pamenepo. Jones ankakonda kusonyeza zimenezi powerenga zolemba za Chaucer ndi Shakespeare m'katchulidwe ka masiku awo, ndipo anali mmodzi wa atsogoleri a bungwe lofuna kufewetsa kalembedwe ka Chingerezi.

Chachitatu ndi liwiro la kalankhulidwe. Jones anasonyeza kuti timawu monga and, of ndi to tili ndi katchulidwe kawiri, kena kamphamvu pamene tatchulidwa patokha, kena kofooka pamene tili m'kati mwa chiganizo. Mchewa amachita chimodzimodzi akamati n'chiyani m'malo mwa ndi chiyani, kapena mwanayu m'malo mwa mwana uyu. Wolankhula chotero sanalakwe, pakuti ndi m'mene chinenero chamoyo chimayendera.

Chachinayi ndi gulu limene munthu anakuliramo, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imapweteka. Ku England ya masiku a Jones, munthu akangotsegula pakamwa ankadziwika ngati ndi wa m'banja lolemera kapena losauka. Anthu wamba a kum'mawa kwa London, otchedwa Cockney, sankatchula h wa kumayambiriro kwa mawu, ndipo chimenechi chokha chinkatha kuwatsekera khomo la ntchito yabwino. George Bernard Shaw analemba sewero lotchedwa Pygmalion, limene linaonetsedwa ku London mu 1914, lonena za mtsikana wogulitsa maluwa amene anaphunzitsidwa katchulidwe ka anthu apamwamba kufikira analandiridwa ngati mmodzi wa iwo. Shaw mwiniwake anatchula Henry Sweet pofotokoza za mphunzitsi wa m'sewerolo, koma ofufuza ena a pambuyo pake amakhulupirira kuti anatengeranso zambiri kwa Jones.

Buku limene linaposa cholinga cha mwini wake

Mu 1917 Jones anatulutsa English Pronouncing Dictionary, buku lopanda matanthauzo, longosonyeza katchulidwe ka mawu zikwizikwi. Popeza sakanatha kulemba katchulidwe ka Angerezi onse, anasankha ka mabanja a kumwera kwa England amene ana awo ankaphunzira m'sukulu zogonera komweko zolipira ndalama zambiri. Kameneka ndi kamene iye mwini ankalankhula ndi kukadziwa bwino, ndiponso kankamveka mosavuta m'madera ambiri. Kuyambira mu 1926 anakatcha Received Pronunciation, dzina limene linalipo kale koma iye ndiye analifalitsa. Jones anafotokoza momveka kuti bukulo linali kaundula wa m'mene gulu lina la anthu limalankhulira, kuti sankanena kuti katchulidweko n'koposa kena, ndiponso kuti sanafune kukakamiza munthu aliyense kukatsata. M'mawu ambiri analembamo katchulidwe kawiri kapena katatu, chifukwa ngakhale m'gululo anthu ankasiyana.

Koma buku likatuluka m'manja mwa mwini wake limayenda njira yakeyake. M'sukulu za ku Ulaya, ku Asia ndi mu Africa, aphunzitsi ndi oyesa mayeso analitenga ngati lamulo. Chimene chinali m'bukumo chinayesedwa cholondola, ndipo chimene munalibe chinayesedwa cholakwa. Mu 1926 wailesi ya BBC inakhazikitsa komiti yolangiza owulutsa mawu za katchulidwe, imene Jones ndi Shaw anakhalamo, ndipo kwa zaka zambiri liwu lomveka pa wailesiyo linali la gulu lomwe lija. Motero katchulidwe ka anthu owerengeka kanasanduka muyeso woyezera miyandamiyanda ya anthu, ndipo ambiri anachita manyazi ndi kalankhulidwe ka makolo awo. Munthu amene anaphunzitsa kumvetsera popanda kuweruza anapezeka kuti wasula chida chimene ena anaweruzira nacho anzawo.

Nthawi yasonyeza kuti Jones ndiye ananena zoona. Katchulidwe kamene iye analemba mu 1917 nakonso kasintha, kotero kuti Angerezi a lero akamva liwu lake pa zimbale amalimva lachikale. Bukulo linapitirizidwa ndi wophunzira wake A. C. Gimson, ndipo pamene linakonzedwanso mu 1997 linaikamo katchulidwe ka ku America pambali pa ka ku England. Wailesi ya BBC nayo tsopano ili ndi owulutsa mawu olankhula monga amalankhulira kwawo, ku Scotland, ku Wales ndi kumpoto kwa England.

Ophunzira ake ndi masiku otsiriza

Mwa ophunzira ndi anzake a pa ntchito, angapo anadzipereka pa zinenero za mu Africa. Ida Ward anafufuza Chiefiki, Chiigbo ndi Chiyoruba cha ku Nigeria, ndipo mu 1933 iye ndi Diedrich Westermann anatulutsa buku la fonetiki lothandiza ophunzira zinenero za mu Africa. Lilias Armstrong anasanthula maliwu a Chikikuyu mothandizidwa ndi Jomo Kenyatta, amene pa nthawiyo anali ku London ndipo pambuyo pake anakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Kenya. Armstrong anamwalira mu 1937, ndipo buku lake la Chikikuyu linatuluka mu 1940. Onsewa anatsata njira ya mphunzitsi wawo, yakuti mwini chinenero ndiye mboni yoyamba, ndipo katswiri ntchito yake ndi kumvetsera ndi kulemba mokhulupirika.

Jones anapuma pa ntchito mu 1949. Mu 1950 anatulutsa buku lake la fonimu, limene anakhala akulikonza kwa zaka zambiri, ndipo chaka chomwecho anasankhidwa kukhala pulezidenti wa International Phonetic Association, udindo umene anakhala nawo kufikira imfa yake. Mu 1956, ali ndi zaka zoposa 70, anajambulanso mavawelo ake oyezera, popeza ankakhulupirira kuti maliwu sangaphunziridwe pa pepala, koma ayenera kuchoka pakamwa pa mphunzitsi n'kulowa m'khutu la wophunzira. Anamwalira kunyumba kwake ku Gerrards Cross, kufupi ndi London, pa 4 Disembala 1967, ali ndi zaka 86.

Mphunzitsi amene waima patsogolo pa kalasi lero ali ndi zonse ziwiri zimene Jones anasiya, ndizo buku losonyeza katchulidwe ndi chiphunzitso cha m'mene bukulo liyenera kugwirira ntchito. Mwana ayenera kuthandizidwa kusiyanitsa glass ndi grass, chifukwa akapanda kutero womvera adzasokonezeka. Koma mwana amene wasiyanitsa mawuwo bwinobwino, namveka kwa aliyense, sanalakwe kanthu ngati liwu lake likusonyezabe kuti kwawo ndi ku Dowa kapena ku Chipata. Liwu la Jones mwini wake linkasonyeza kuti kwawo ndi ku London, ndipo iye ananena zimenezo poyera m'buku lake.